ZA MPHATSO ZOPANGA NDI MANJA PA MUDZI: MAU ACE, MAPANGIDWE ACE NDI MWAMBO WACE

Caka ndi caka, pofika nyengo ya Khrisimasi, kapena pakumveka kuti wina wa m'mudzi akwatitsa mwana wace, kapenanso pamene mphunzitsi wokondedwa asamuka kunka ku sukulu yina, timamva mau amodzimodzi m'kamwa mwa ana ndi mwa akuru omwe, akuti, "Tikadapereka kanthu, koma tiribe ndarama." Ena, pocita manyazi, sapita konse ku ukwatiko, angokhala kwao ndi kumvera ng'oma patali. Ena akongola ndarama za katapira kuti akagule mbale ya pulasitiki ku sitolo, mbale imene idzang'ambika caka cisanathe, ngongole ikali cikhalire.

Ife tiyesa kuti bvuto limeneli liri m'maganizo koposa m'thumba, pakuti anthu azolowera kuganiza kuti mphatso ndiyo cinthu cogula. M'nkhani yino tifuna kuonetsa kwa inu, aphunzitsi ndi akatekisti, cinthu cimodzi: kuti mphatso yopanga ndi manja ikoma cifukwa mwini nchito anaipangira munthu mmodzi wodziwika, nalingalira dzanja lace, mphika wace ndi nyumba yace. Tiyamba ndi mau, pakuti cinenero cathu comwe ciphunzitsa zimenezi. Pambuyo pace tichula za makolo, za mapangidwe a zinthu zinai zosabvuta, ndi za mwambo wa kapatsidwe.

I. ZA MAU

Ana a masiku ano anena "kupanga" pa nchito iri yonse, koma m'Cicewa nchito ya manja iri yonse iri ndi mneni wace. Munthu asema mthiko, cipande, mtondo, mpini ndi bwato. Aluka licero, dengu, mkeka ndi mono. Aumba mphika, mtsuko ndi mbiya. Apota cingwe ndi thonje. Asula khasu ndi mpeni. Asoka nsaru, ndiponso asoka mphasa, pakuti mabango ace amatungidwa ndi cingwe. Mphunzitsi acita bwino akabweza mwana wonena "ndapanga mphika," namuuza kuti mphika aumba.

Tsono taonani cimene cicitika pamene nchitoyo icitidwa cifukwa ca munthu wina. Mneni asinthika, nalandira -ira kapena -era kumapeto kwace. Ndiwo umene mabuku a sukulu aucha msintho womcitira.

Kuluka, kulukira: Agogo alukira mdzukulu wao dengu.
Kuumba, kuumbira: Azakhali aumbira mkwatibwi mtsuko.
Kusula, kusulira: Mmisiri wasulira mfumu nkhwangwa.
Kusema, kusemera: Mnyamata wasemera amace mthiko.
Kusoka, kusokera: Mkamwini asokera apongozi ace mphasa.
Kupota, kupotera: Mtsikana apotera mlongo wace cingwe.

Lamulo lace ndi ili: lembo la liu lotsiriza m'tsinde la mneni likakhala a, i, kapena u, tiika -ira, likakhala e kapena o, tiika -era. Cifukwa cace tinena kupangira, kuphikira, kuumbira. Koma kusemera, kusokera.

Onaninso malo a munthu wolandira. Iye atsata mneni pomwepo, ndipo cinthuco cidza pambuyo pace: wasemera amace mthiko. Ndipo tikalankhula naye mwini, alowa m'kati mwa mneni momwe: ndakusemerani mthiko, takulukirani licero. Wina adzati, "Kodi sitinena kugulira momwemo?" Inde titero, ndipo kugulira mnzako kanthu sikulakwa iai. Koma wogula asankha mwa zinthu zimene zinatha kale kupangidwa popanda kuganizira munthu ali yense. Wosemera mnzace anali naye mnzaceyo mumtima kuyambira pakudula mtengo kufikira pakupala.

Msintho womwewu uchulanso cipangizo cogwirira nchito, monga mpeni wosemera, singano yosokera, dongo loumbira. Ana asasokoneze ziwirizi: m'mau akuti "ndasemera agogo," agogo ndiwo olandira, m'mau akuti "ndasemera mpeni wobuntha," mpeni ndico cida.

Dzina lakuti mphatso licokera ku mneni kupatsa. Pakupanga maina a mtundu umenewu, p asanduka mph, t asanduka nth, k asanduka nkh: kupatsa, mphatso, kutuma, nthumwi, kukumana, nkhumano. Ndipo tisiyanitse mphatso ndi anzace ofanana nayo. Malipiro apatsidwa cifukwa ca nchito imene munapangana. Mphotho kapena mfupo ulandira wopambana kapena wocita bwino. Mtulo ndiwo umene anthu atula kwa mfumu. Ciphuphu ndico ciperekedwa m'seri kuti mlandu ukhote. Mphatso yokha ndiyo yopanda mtengo ndi yopanda pangano. Cotero nkhuku imene kholo libweretsa kwa mphunzitsi mayeso ali pafupi, lingakhale liicha mphatso, mphunzitsi wanzeru adziwa dzina lace lenileni.

II. ZA MAKOLO

Luso limene tinena pano si lacilendo m'dziko muno. Pa Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, K. R. Robinson anakumba pansi napeza mapale a miphika yokongoletsedwa ndi mizere m'milomo mwace, nalemba za izi mu 1970. Miphika imeneyo inaumbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mai amene anaiumba akadatha kuisiya yosalala, pakuti mzere suonjeza kanthu pa kuphika. Koma anafuna kuti ikome m'maso.

Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja alikusula zitsulo, kupota ndi kuomba nsaru za thonje lolima okha, ndi kuluka madengu. Ndipo analemba za khama lao m'buku limene anaturutsa pamodzi ndi mbale wace Charles mu 1865. David Clement Scott wa ku Blantyre, m'buku lace lalikuru la mau a Cimang'anja la 1892, anasunga maina ambiri a zipangizo ndi a nchito zimenezi, ena a iwo ana athu sawadziwanso.

Nanga cinacepetsa ulemu wa luso limeneli nciani? Coyamba ndi katundu wa m'sitolo, nsaru ndi mbale zacitsulo, ndipo pambuyo pace pulasitiki. Caciwiri ndi sukulu yomwe. Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera dziko lino mu 1924, zinalangiza kuti maphunziro a Aafrika atsamire pa ulimi ndi nchito za manja za m'mudzi. Ndipo mu 1929 boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi ndi akazi ao anaphunzira zotere. Munali zabwino m'menemo. Koma anthu ambiri anaona kuti Azungu afuna kuwapatsa nsungwi ndi kuwamana mabuku, ndipo kudandaula kwao kunali ndi cifukwa. Kuyambira pamenepo kwatsala maganizo akuti kuluka ndi kusema ndi nchito ya wolephera sukulu.

Koma luso silinafe. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri osema a kumeneko anamveka ndi maiko akutali. Ndiponso pamene boma linaletsa mapepala opyapyala a pulasitiki mu 2015, bwalo lalikuru la apilo nilibvomereza ciletsoco mu 2019, anthu anakumbukira kuti dengu la makolo silitseka ngalande, ndipo mbuzi siifa nalo. Mwana angathe kudziwa buku ndi nsungwi pamodzi. Cimodzi sicilanda malo a cinzace.

III. MTHIKO NDI CIPANDE

Tiyamba ndi mphatso imene mwana wa zaka 12 angathe kuimariza pa masabata awiri. Asanagwire nkhwangwa, ayambe wapita kukaona mphika wa munthu amene afuna kumsemera. Mai wophikira anthu khumi m'nkhali afuna mthiko wautali ndi wolimba. Nkhalamba yokhala yokha, ya manja ofoka, ifuna waufupi ndi wopepuka. Muyeso wa pakati ndiwo kuyambira pa cigongono ca mwini kufikira ku nsonga ya zala, ndi kuonjezapo cikhato cimodzi, kuti nthunzi ndi phala lothovoka zisamuoche.

Mtengo ukhale wolimba, wopanda pfungo, wopanda utomoni woipa. Nthambi ya gwafa kapena ya mango yotsala posadza ikwanira bwino. Bulugamu ang'ambika msanga pouma, paini ali ndi utomoni wolowa m'cakudya. Nkhadze ndi mwabvi asazikhudze konse, pakuti ndizo zaululu. Ndipo asalowe m'nkhalango yotetezedwa, pakuti lamulo la za nkhalango la 1997 liletsa kudulamo mtengo wopanda cilolezo.

Dulani nthambi yonenepa ngati mkono, nimuiwaze pakati m'litali mwace, nimuseme mthiko m'cibanthu cimodzi. Cifukwa cace ndi ici: mng'alu wa mtengo uyambira pa mtima wace, ndipo mthiko wokhala ndi mtima pakati udzang'ambika pouma. Lembani maonekedwe ace ndi khala, nimuyambe ndi kasemasema, nimutsirize ndi mpeni. Mtengo wauwisi usemeka mofewa, koma muusiye wonenepa pang'ono, nimuuike pamthunzi masiku 7 kapena 10, padzuwa ung'aluka. Utauma, muupale ndi sandipepa kapena ndi mcenga wosalala pa kansaru. Mukatha muunyowetse, ndipo mudzaona timaubweya ta mtengo titadzuka, uume, nimupalenso. Potsiriza muudzoze mafuta a mtedza pang'ono. Penti kapena vanishi zisafike pa cinthu colowa mumphika.

Cipande cifuna luso loposa, cifukwa ca kukumba m'kati. Kumbani m'katimo poyamba, mtengo ukali wocindikala pogwira, ndipo kunja kudze pambuyo. Kukula kwa cipande ndiko kukula kwa mtanda wa nsima pa banjapo. Cotero wosema afunse ngati m'nyumbamo mucuruka ana kapena akuru.

IV. CIKHO

Iyi ndi mphatso imene munthu ayamba ndi kubzala. Mbeu za mphonda zibzalidwa ndi mvula yoyamba pafupi ndi mpanda kapena nkhokwe, kuti ziyange. Cipatso colendewera cikula ndi khosi loongoka, loyenera cogwirira. Cogona pansi cikhota. Musacithyole msanga. Dikirani kufikira phesi lace lauma, ndipo mucisunge pouma, popita mphepo, kufikira mbeu zilira m'kati pocigwedeza. Cothyola cisanakhwime cifota ndi kubvunda.

Citauma, cinyowetseni kunja ndi kupala khungu lace lopyapyala. Pansi pace mudzapeza khoko loyera bwino. Lembani mzere m'mbali mwa mimba yace, nimuceke pang'onopang'ono ndi mpeni wakuthwa kapena kasowo, kusiya khosi lonse. Cotsani mbeu, nimusunge zina za caka ca mawa, nimukokote zam'kati zonse. Tsono mucibviike m'madzi, ndi kusintha madziwo tsiku ndi tsiku, kufikira kuwawa kwatha. Musanyozere zimenezi, pakuti kuwawa kwa mphonda zina ndi ululu wopweteka m'mimba. Ndipo madzi obviikirawo atayidwe kutali ndi ziweto.

Pokongoletsa, tenthani nsonga ya waya pamoto, nimulembe nayo kunja kwa cikho: mizere, timakona, kapena dzina la mwini wace. Apa mwana wa sukulu ali nako kanthu kamene agogo ace analibe, ndiko kulemba. Ndipo nkhalamba yosadziwa kuwerenga ikondwera ndithu pakumva kuti zilembozo ndi dzina lace.

Pali cenjezo limodzi la mwambo. Kamphonda kakang'ono kotseka pakamwa, kokulungidwa ndi mikanda, kangakome m'maso mwa mlendo. Koma kwa anthu a m'mudzi kameneko ndi nsupa, ya mankhwala a sing'anga, ndipo wolandira angacite mantha ndi kukayika mtima wa wopatsa. Cikho ca madzi, cotseguka, ciribe mlandu wotere.

V. KAMKEKA KA PA GOME

Mphasa ndi mkeka zisiyana: mphasa ndi ya bango long'amba, mkeka ndi wa mlaza. Zonse ziwiri ndi nchito yaikuru. Koma kamkeka kozungulira, koikapo mbale yotentha kapena kobvundikira cakudya, ana a zaka 9 akatha.

Mlaza umera kwambiri ku cigwa ca Shire ndi m'mbali mwa nyanja. Tsamba loyenera ndilo lanthete, lisanatambasuke. Musadule onse pa tsinde limodzi, pakuti cimera colandidwa masamba ace onse cifoka, ndipo caka ca mawa mudzayenda mtunda wautali kufuna wina. Yanikani masambawo kufikira ayera, nimucotse mitsitsi yace youma ya m'mbali, imene muisunge pakuti ndiyo tsace labwino. Ng'ambani tsamba ndi singano kapena msomali, timizere tonse tifanane kukula. Apa ndipo pagona kukoma kwa nchito yonse: timizere tosiyana tibala mkeka wokhota, ngakhale wolukayo ali waluso.

Musanaluke, muwaze madzi ndi kukulunga mlazawo m'nsaru yonyowa, pakuti wouma uthyoka. Woyamba kumene aluke ndi timizere titatu, monga aluka tsitsi. Atazolowera aonjeze kufikira tisanu kapena tisanu ndi tiwiri. Kamzere kakatsala pang'ono kutha, lowetsani kena pamwamba pace, ziyendere pamodzi kanthawi. Ndipo musalumikize tiwiri pa malo amodzi. Lamba wotambalala masentimita 2, wautali mamita 4, akwanira kamkeka ka masentimita 30 kucokera mbali yina kufikira yina. Pindani nsonga yace, nimuzungulize lambayo monga cigoba ca nkhono, ndi kusoka mphepete ndi mphepete ndi ulusi wa khonje. Sokerani pa gome kapena pa thabwa. Mukakoka ulusi kolimba, kamkeka kadzatukuka m'mbali ngati cipewa. Mukalekerera, kadzacita makwinya.

Kumene kulibe mlaza, makoko a cimanga ndi makungwa ouma a nthoci agwira nchito yomweyi, ndipo makungwa a nthoci ali ndi maanga ace acibadwa, ofiira ndi akuda. Asanayambe, wolukayo akaone mbale imene idzakhalapo, kuti kamkeka kapose mbaleyo ndi zala ziwiri mbali zonse.

VI. KAMBALE KA DONGO

Kuumba m'midzi yambiri ndi nchito ya akazi, ndipo mphunzitsi asayese kuiphunzitsa yekha ngati m'mudzimo muli mai wodziwa. Ife tingochula zifukwa za zimene mai wotere acita, kuti ana azimvetse.

Dongo likumbidwa ku dambo, m'mbali mwa mtsinje, kapena pa culu. Poliyesa, bulungani kacingwe konga cala, nimukazungulize pa cala canu: kakathyoka, licuruka mcenga, kakapindika kosang'aluka, ndi labwino. Cotsani timiyala ndi mizu yonse, nimulikande ndithu. Dongo lonanda kwambiri lisakanizidwa ndi mapale osinja, pakuti dongo lifupika pouma, ndipo mapale, amene anapsa kale, safupikanso. Motero agwiriziza khoma kuti lisang'aluke. Muyeso wace usiyana ndi dongo la malo, ndipo woumba wa pamalopo ndiye audziwa.

Ana ayambe ndi kambale ka mcere kapena ka ndiwo za mwana. Khoma likhale lofanana ponse, lonenepa ngati kacala kakang'ono. Pocindikala pauma mocedwa, popyapyala pauma msanga, ndipo pokomana pace ndipo pang'ambika. Salazani ndi citsononkho conyowa. Litayamba kulimba ngati cikopa, lembani mizere ndi kamtengo, nimukulungize ndi nkhulungo kufikira kunyezimira. Kaume m'nyumba, kopanda dzuwa ndi mphepo, masabata awiri. Mukakaika pa tsaya nimumva kuzizira, madzi akalimo.

Poocha, yambani mwakaika pafupi ndi moto kuti kafunde pang'onopang'ono. Pambuyo pace mukakute ndi makungwa ouma ndi nkhuni zazing'ono. Madzi otsalira m'dongo asanduka nthunzi, ndipo nthunziyo, posowa poturukira, iphulitsa mphika. Dongo lisanduka phale losasungunukanso m'madzi pokhapokha moto utapitirira madigiri 600, pamene ciumbaco cifiira ngati khala. Citazizira, cigogodeni ndi cala: copsa bwino cilira, cong'aluka cingoti phu. Mphika watsopano ayamba aphikamo phala la madeya, kuti litseke timabowo tace. Koma mtsuko wa madzi akumwa timabowoto ndi tofunika, pakuti madzi ocucha kunja, pouma ndi mphepo, aziziritsa otsala m'kati.

Oumba ena ali ndi miyambo yao pa tsiku loocha, nakaniza anthu ena kuyandikira. Mphunzitsi asaseke mai wotere pamaso pa ana, kuti angataye mlangizi. Aphunzitse za nthunzi m'kalasi, nasiye ana aone okha kuti mphika wouma bwino susweka.

VII. ZA NYENGO

Wofuna kupatsa mphatso yotere awerenge miyezi. Zikho zikhwima mvula itatha. Bango ndi nsungwi zidulidwa nyengo ya masika ndi ya cisanu, ndipo nsungwi ikhale yokhwima, ya zaka zitatu, pakuti yanthete ifumbwa msanga. Kuumba ndi kuocha kuyenera cilimwe, pamene nkhuni ziri zouma. Pofika Disembala anthu onse ali kumunda, dongo siliuma, mlaza ucita nkhungu. Cotero mphatso ya Khrisimasi iyambidwa mu Ogasiti, ndipo cikho ca caka ca mawa cibzalidwa caka cino. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

VIII. ZA KAPATSIDWE

Mphatso yabwino ionongeka ndi kapatsidwe koipa. Mwana apereke ndi manja awiri, kapena ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira mkono. Kwa wamkuru agwade kapena anjute, asapereke ali ciriri. Wolandira nayenso alandira ndi manja awiri, kangakhale kanthuko nkocepa kokwana m'cikhato, naomba m'manja ndi kuthokoza.

Pa mau, wopatsa acepetsa mphatso yace ndi ka- kapena ti-: "Agogo, ndakusemerani kamthiko aka," "Amai, tabwera ndi timadengu iti." Kumeneku sikunyoza nchito yace, koma kukweza wolandira. Kwa wamkuru tinena ndakusemerani, angakhale ali mmodzi. Ndakusemera ayenera mnzako wa msinkhu umodzi kapena mwana. Wopatsa sachula masiku amene anabvutika, ndipo wolandira safunsa mtengo wace, kapena kuloza pokhota mwini ali pomwepo. Ngati wolandira ali mmisiri, adikire tsiku lina, naitane mwanayo, namuonetse pokonza.

Pa cikamwini, mnyamata anayesedwa ndi manja ace: ngati adziwa kusema mpini, kusoka mphasa, kuluka nkhokwe. Koma kumene mwambo wa kuopana ndi apongozi usungidwa, mkamwini sapereka yekha m'manja mwa apongozi ace akazi; atuma mkazi wace kapena mwana. Mkwatibwi apatsidwa ndi amace ndi azakhali ace zipangizo za pa moto, mthiko, cipande, licero ndi mphika, ndipo ziri zonse zidza ndi malangizo ace. Katekisti wolangiza a ukwati angathe kulimbikitsa abale osauka kuti zotere nzokwanira, ndipo asakhale kwao cifukwa ca manyazi.

Mwambi uti, kupatsa nkuikiza. Tanthauzo lace si lakuti wopatsa awerenge ngongole, koma kuti m'mudzi cimene caturuka pa khomo lako sicitayika. Tsiku la kusowa kwako cidzabwera ndi nkhope yina.

IX. KWA APHUNZITSI

Titsirize ndi malangizo asanu.

1. Funani mmisiri wa m'mudzi, wamwamuna kapena wamkazi, nimumuitane ndi ulemu kupyolera mwa mfumu. Mumpatse mpando pamaso pa ana, ndipo musambweze wopanda kanthu. Pemphaninso kwa mfumu musanatume ana ku dambo kukadula bango kapena kukumba dongo.

2. Mwana ali yense, asanagwire cipangizo, achule munthu amene ampangira, nalembe pa pepala ciganizo ca msintho womcitira: "Ndidzalukira azakhali anga kamkeka." Akaone mphika, mbale kapena dzanja la munthuyo, nabwere ndi muyeso. Potero phunziro la cinenero, la masamu ndi la manja likhala limodzi.

3. Nchito icitike pa sukulu, pamaso panu. Tidziwa kuti ana ena, pouzidwa kubweretsa tsace kapena mthiko, agula ku msika, nalandira malikisi oposa a mnzao amene anadziceka cala posema yekha. Mphunzitsi wolola zotere aphunzitsa bodza. Mthiko wokhota wa mwana mwini uposa woongoka wogula.

4. Cimene mwana wapanga ndi cace, ndipo cipite kwa iye amene anampangira. Pali dandaulo lakale m'midzi lakuti matsace ndi mipini ya ana ithera ku nyumba ya aphunzitsi. Musalole kuti linenedwe za inu. Ndiponso musasandutse nchito ya manja cilango ca wocedwa kapena wolongolola, pakuti mwana sadzakonda cimene anacidziwa ngati cikoti.

5. Samalani mipeni. Wosema akhale pansi, patali ndi anzace, nasemere kunja, kosalozetsa mpeni ku thupi lace. Ang'onoang'ono ayambe ndi zofewa: ng'ombe ya dongo ya mng'ono wao, galimoto ya mapesi, tsace la amao. Moto ndi waya wotentha zikhale pamene pali wamkuru.

Mukayamba zimenezi m'cilimwe cino, musayembekeze zokongola caka coyamba. Zikho zina zidzasweka poceka, timbale tina tidzaphulika pamoto, ndipo padzakhala misozi. Wosweredwa mumpatse dongo lina, ayambenso. Koma pofika tsiku la ukwati kapena la Khrisimasi, mwana wa mai wamasiye adzaima pa mzere umodzi ndi mwana wa mwini sitolo, ali nako kanthu m'manja mwace, ndipo adzatha kunena mau amene tinayamba nao, akuti, "Ndakupangirani."